Carcassonne: Masewera a Pathebulo Omwe Ali ndi Mbiri ya Malo M'kati Mwake

Anzathu a m'gulu lowerenga mbiri, ulendo uno tikambe za masewera. Tikudziwa ena mwadabwa kale kuti masewera alowa bwanji m'kalata ya mbiri, koma fatsani pang'ono. Masewera omwe tikunenawa amatchedwa Carcassonne, ndipo dzinali ndi la mzinda weniweni wa kumwera kwa France, mzinda wa malinga womwe udaona nkhondo, kuthamangitsidwa kwa anthu ndi kulandidwa kwa minda zaka 800 zapitazo. Angapo mwa ife, amene mabanja tili nawo konkuno ku Joni, tayamba kuwasewera ndi ana komanso amayi awo tikakhala pa ofu. Chomwe taona n'chakuti masewerawa amatsegula nkhani ya malo mosavuta kuposa mmene ife timachitira tikamalankhula. Paja ana a masiku ano ukangoti “kalekale”, maso ali kale pa foni.

Zomwe zili m'bokosi

Yemwe adapanga masewerawa ndi Klaus-Jürgen Wrede, yemwe panthawiyo adali mphunzitsi wa nyimbo ku Germany, ndipo maganizo ake adawapeza atakacheza kumwera kwa France. Kampani ya Hans im Glück ya ku Munich idawatulutsa mu 2000. Chaka chotsatira, 2001, adapata mphoto ya Spiel des Jahres, yomwe ku Germany amapereka kwa masewera a pathebulo opambana a chakacho.

Mukatsegula bokosi simupeza bolodi lojambulidwa kale ngati la dirafuti kapena la njoka ndi makwerero. Mumapeza timatailosi 72 ta katoni wolimba, tambali zinayi zofanana, tokula pafupifupi ngati bokosi la machesi. Pa kalikonse adajambulapo kachigawo ka dziko: pena msewu, pena chigawo cha mzinda ndi linga lake, pena nyumba ya amonke, pena munda wobiriwira, ndipo kawirikawiri zinthu ziwiri kapena zitatu pa katailosi kamodzi. Mulinso tianthu ta thabwa ta mitundu yosiyanasiyana. Wosewera aliyense amatenga 8 ta mtundu umodzi. Kamodzi kamakayenda pa kabolodi kowerengera mapointi, 7 totsalato ndiye antchito ake. Amasewera anthu kuyambira awiri mpaka asanu, ndipo gemu imodzi imatenga mphindi 40 kapena kupitirira pang'ono.

Kaseweredwe kake

Pakati pa thebulo mumaika katailosi kamodzi koyambira, tina tonse mumatizondotsa kapena kutiika m'thumba. Ikafika nthawi yanu mumatola kamodzi osaona, n'kukaonetsa kwa onse, kenako n'kukalumikiza ndi tomwe tili kale pathebulo. Lamulo ndi limodzi basi: mbali zogundanazo zigwirizane. Msewu ukumane ndi msewu, mzinda ndi mzinda, munda ndi munda. Choncho dziko limakula pang'onopang'ono, ndipo palibe gemu yomwe imabala mapu ofanana ndi a dzulo.

Mukaika katailosi, muli ndi ufulu woikapo kamunthu kanu kamodzi. Mukakaika pamsewu kakhala wachifwamba wa panjira, mumzinda kakhala msilikali, pa nyumba ya amonke kakhala mmonke, ndipo m'munda kakhala mlimi. Mlimiyu amamugoneka chagada kuti asiyane ndi anzake. Koma simungaike kamunthu pa msewu, mzinda kapena munda pomwe pali kale kamunthu, kaya ka mnzanu kaya kanu komwe.

Mapointi amabwera chinthu chikatha kumangidwa. Msewu ukatsekeka mbali zonse ziwiri, mwini wake amapata pointi imodzi pa katailosi kalikonse. Mzinda ukazunguliridwa ndi linga popanda mpata, ndi mapointi awiri pa katailosi kalikonse, kuonjezapo awiri pa kachishango kalikonse kojambulidwa mumzindamo. Nyumba ya amonke ikazunguliridwa ndi timatailosi 8 imapereka mapointi 9. Mukalandira mapointi, kamunthu kanu kamabwerera m'manja kuti mukatumenso kwina. Timatailosi tikatha gemu yatha, ndipo zomwe zatsala zosamaliza zimawerengedwabe koma motsika: mzinda wosatseka umangopereka pointi imodzi pa katailosi.

Mlimi yekha ndiye ali ndi lamulo lake. Mukamugoneka, wagona basi, sabwerera m'manja mpaka gemu ithe. Nthawi yonseyo sakubweretserani kanthu. Koma pomaliza penipeni, mzinda uliwonse womalizidwa womwe wagundana ndi munda wake umamupatsa mapointi atatu. Munda waukulu ukhoza kugunda mizinda isanu kapena isanu ndi umodzi, ndiye munthu yemwe amaoneka ngati watsalira amatha kudumpha onse pa kuwerengera komaliza.

Pomwe pagona nzeru

Ife tidakula ndi bawo, ndipo mu bawo mulibe mwayi: zonse zili poyera, wodziwa kuwerenga nkhomo ndiye amadya mnzake. Carcassonne ndi yosiyana chifukwa simudziwa katailosi komwe mutole. Komabe musaganize kuti ndi juga. Mukasewera kangapo muona kuti opambana amakhala omwewo omwewo, chifukwa cha zinthu zitatu.

Choyamba ndi kusunga antchito. Tianthu 7 n'tochepa. Wongoyamba kumene amatimwaza tonse msanga m'mizinda ikuluikulu yomwe sitseka, kenako akatola katailosi kabwino alibe woti atume. Izi ife a mumgodi sitifunika kuuzidwa: gulu lonse ukaliika malo amodzi, kwinako ntchito yaima.

Chachiwiri ndi kulowerera mzinda wa mnzako. Lamulo likuletsa kuika kamunthu pomwe pali kale kena, koma silikuletsa kuyamba kamzinda kako pambali, n'kuikamo msilikali, kenako n'kudzalumikiza mizinda iwiriyo ndi katailosi kena. Ikalumikizana, yemwe ali ndi asilikali ambiri amatenga mapointi onse, winayo n'kutuluka chimanjamanja. Mukafanana, nonse mumalandira mokwanira. Apa ndi pomwe pamabuka phokoso m'nyumba. Mumangomva mwana akuti, “Ababa, mzindawu ndamanga ndine, inu mwangobwera kumapeto!” Ndipo akunena zoona.

Chachitatu ndi kutsekereza. Mutha kuika katailosi pamalo poti mpata wotsala mumzinda wa mnzanu ufune katailosi kosowa, kapena koti kadatha kale. Msilikali wake amakhala m'menemo mpaka gemu kutha, osatuluka, osapindula mokwanira.

Ubwino wake pabanja ndi woti pa timatailosi palibe mawu olembedwa. Agogo obwera kudzacheza kuchokera kumudzi, oti Chingerezi sadziwa, amasewera bwinobwino ndi mdzukulu yemwe Chichewa chake n'chodukaduka. Popeza katailosi kamaonetsedwa kwa onse, aliyense amatha kulangiza wamng'ono poti aike. Ndi ana a zaka 7 kapena 8, yambani opanda alimi. Muwalowetse akazolowera misewu ndi mizinda.

Mzinda weniweniwo

Tsopano tiyeni tichoke pathebulo tipite ku France. Carcassonne ili paphiri laling'ono m'mbali mwa mtsinje wa Aude, pa njira yakale yochokera ku nyanja ya Mediterranean kupita ku Toulouse. Mzinda wakalewo uli ndi malinga awiri, lina mkati mwa linzake, otalika pafupifupi makilomita atatu mukawaphatikiza, ndi nsanja 52. Mbali zina za linga lamkati zidamangidwa nthawi ya Aroma, zaka zoposa 1,600 zapitazo. Atachoka Aroma mzindawu udadutsa m'manja mwa a Visigoth, kenako Asilamu ochokera ku Spain mu 725, kenako a Frank. Kuyambira 1067 udali wa banja la Trencavel, lomwe lidamanga nyumba yachifumu yomwe ilipo mpaka lero.

Anthu a kumeneko ali ndi nthano ya mmene dzinali lidabwerera. Amati adani atazinga mzindawo kwa zaka, chakudya chidatsala nkhumba imodzi ndi thumba limodzi la tirigu. Mayi wina wolamulira mzindawo, Dame Carcas, adadyetsa nkhumbayo tirigu yenseyo n'kuiponya kunja kwa linga. Adaniwo poona mimba ya nkhumba yodzaza tirigu adaganiza kuti mkatimo chakudya n'chamwanaalirenji, ndipo adanyamuka. Mayiyo adaliza mabelu, ndiye mu Chifalansa “Carcas akuliza” ndi Carcas sonne. Ndi nthano chabe iyi, dzinalo lidalipo kale nthawi ya Aroma ngati Carcaso, koma ana amaikonda ndipo ndi poyambira pabwino.

Nkhani yeniyeni ndi yowawa. M'zaka za m'ma 1100, kumwera kwa France kudafala gulu la chipembedzo lomwe lero timalitcha a Cathar. Iwo ankakhulupirira kuti mzimu ndi wochokera kwa Mulungu wabwino pomwe zinthu zooneka za dziko lino n'zochokera kwa woipa, ndipo ankakana ulamuliro wa ansembe a Katolika. Mafumu a m'derali, kuphatikizapo a Trencavel, ankangowasiya kukhala pakati pa anthu ena. Mu Januwale 1208 nthumwi ya Papa, Pierre de Castelnau, idaphedwa, ndipo Papa Innocent III adaitanitsa nkhondo ya mtanda yolimbana ndi ampatukowo. Omenya nkhondoyo adalonjezedwa kukhululukidwa machimo, komanso malo a mafumu omwe ankateteza a Cathar. Gwirani mawu amenewo: malo.

Pa 22 Julaye 1209 gulu lankhondolo lidalowa mumzinda wa Béziers n'kupha anthu zikwizikwi, osasiyanitsa Mkatolika ndi wa Cathar. Pa 1 Ogasiti lidafika ku Carcassonne, komwe anthu othawa kumidzi adali atadzazana. Malinga sadagwe ayi. Adaniwo adangolanda midzi ya kunja kwa linga n'kutseka njira yopita kumtsinje, pakati pa nyengo yotentha. Patangotha masabata awiri, pa 15 Ogasiti, mzinda udagonja. Mfumu yake, Raymond-Roger Trencavel, adagwidwa atatuluka kukakambirana, ndipo adafera m'ndende ya m'nyumba yake yomwe mu Novembala chaka chomwecho, ali ndi zaka 24. Anthu a mumzindawo sadaphedwe ngati a ku Béziers, koma adatulutsidwa onse ndi zovala za m'thupi zokha, kusiya nyumba ndi katundu. Malo a Trencavel adapatsidwa kwa Simon de Montfort, mkulu wankhondo wochokera kumpoto, ndipo pambuyo pake adakhala a mfumu ya France.

Mwana wa Trencavel adayesa kulanda mzindawo mu 1240 koma adalephera. Midzi ya kunja kwa linga idaphwasulidwa. Patapita zaka zingapo Mfumu Louis IX idalola anthuwo kumanga tsidya lina la mtsinje, m'tauni yatsopano ya misewu yowongoka yodukizana, yomwe mukaiona pa mapu imafanana ndithu ndi timatailosi toyalidwa pathebulo. Linga lachiwiri, lakunja lija, lidamangidwa nthawi ya mafumu a France amenewa, chifukwa Carcassonne idasanduka mlonda wa malire a France ndi ufumu wa Aragon.

Mu 1659 pangano la Pyrenees lidasunthira malirewo kumwera, ndipo mzinda wa malinga udatha ntchito. Olemera adatsikira ku tauni ya kutsidya, kumtunda kudatsala amphawi, ena mpaka kumanga tinyumba pampata wa pakati pa malinga awiriwo. Mu 1849 boma lidaganiza zogwetsa malingawo. Jean-Pierre Cros-Mayrevieille, katswiri wa mbiri wa mumzindamo, ndi mlembi Prosper Mérimée adalimbana nazo mpaka boma lidasintha maganizo. Mu 1853 katswiri wa zomangamanga Eugène Viollet-le-Duc adayamba kukonzanso mzindawo, ntchito yomwe idapitirira iye atamwalira mu 1879. Ena adamudzudzula kuti adafolera nsanja ndi madenga osongoka a miyala yakuda ngati a kumpoto, osati a dongo lofiira a kumwera. Ndipo tinyumba ta amphawi tija tidagwetsedwa kuti malinga aoneke bwino. Mu 1997 bungwe la UNESCO lidaika mzindawu pa mndandanda wa malo a mbiri ofunika padziko lonse.

Chomwe thebulo silionetsa

Ndiye taonani. Pathebulo gemu imayamba ndi dziko lopanda munthu. Mumaika munda, palibe yemwe ankalimamo. Mumatseka mzinda, palibe yemwe watulutsidwa. Wachifwamba wa pamsewu alibe yemwe akumubera. Sitikunena izi podzudzula yemwe adapanga masewerawa, masewera ndi masewera. Koma ife owerenga mbiri tiyenera kuona mpata umenewu, chifukwa mzinda weniweniwo udachotsedwamo anthu kosachepera kawiri: mu 1209 ndi lupanga, ndipo m'zaka za m'ma 1800 ndi mapulani a akatswiri okonza zakale.

Komabe malamulo a gemuyi amanena zoona zina zomwe mabuku a sukulu amazilambalala. Mzinda sukhala wa yemwe adaumanga, umakhala wa yemwe ali ndi asilikali ambiri mkatimo pa tsiku lowerengera. Simon de Montfort sadaike mwala ndi umodzi womwe pa malinga omwe adawapeza. Linga lolimba silithandiza ngati wina wakutsekera njira ya kumadzi. Ndipo mtengo wa munda umadalira mizinda yomwe yamera mozungulira, osati thukuta la mlimi lokha. Mwana yemwe walandidwa mzinda pathebulo ndi bambo ake amamvetsa zimenezi m'mphindi imodzi, popanda kulemba notsi.

Mlimi wogona wa ku Phokeng

Amene timagwira ntchito m'migodi ya platinamu ya ku Rustenburg tili ndi chitsanzo pakhomo pomwe. Mabunu atafika m'derali cha m'ma 1840 adatenga malo a Bafokeng n'kuwalemba ngati mafamu awo. Paul Kruger, yemwe adadzakhala pulezidenti wa Transvaal, adali ndi famu yake konkuno, ya Boekenhoutfontein. Malamulo a nthawiyo sankalola munthu wakuda kulembetsa malo m'dzina lake. Mfumu ya Bafokeng, Kgosi Mokgatle, idatumiza anyamata kukagwira ntchito ku migodi ya dayamondi ya ku Kimberley, ndipo gawo la malipiro awo linkasonkhanitsidwa kugulira mafamu omwewo. Mapepala ankalembedwa m'maina a amishoni a Lutheran, makamaka Christoph Penzhorn, kuti awasungire.

Taganizani anyamata amenewo, kuyenda ulendo wautali, kukumba, n'kupereka ndalama kugula malo omwe adali a makolo awo kale. Pa nthawiyo phindu lake silinkaoneka. Kenako mu 1913 lidabwera lamulo la malo lomwe lidasiyira anthu akuda pafupifupi magawo 7 okha pa 100 a dziko la South Africa, n'kuletsa kugula kunja kwa maderawo. Amene adachedwa adapeza khomo lotseka. Mu 1924 Hans Merensky adatsimikiza za mwala wa platinamu womwe lero ukutchedwa dzina lake, ndipo zidadzapezeka kuti mwalawo ukudutsanso pansi pa malo a Bafokeng. Padali milandu ya zaka zambiri, mpaka mu 1999 pomwe Bafokeng adagwirizana ndi kampani ya Impala Platinum za gawo lawo. Bwalo la mpira la Royal Bafokeng, lomwe lidachititsa masewera ena a World Cup ya 2010, lili pa malo omwewo.

Ameneyu ndiye mlimi wogona chagada uja: adaikidwa msanga, adakhala zaka zoposa 100 osabweretsa zambiri, n'kudzawerengedwa kumapeto. Kusiyana kwake n'koti pathebulo malamulo sasintha gemu ili mkati, pomwe m'mbiri amphamvu ankasintha malamulo akaona kuti wina akupambana. Ndipo funso limatsalira ife tomwe, amene timatumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi: mwa tianthu tathu 7, tingati tikuthamangira mapointi a lero, ndipo ndi kati komwe tagoneka m'munda?

Mmene tingawagwiritsire ntchito

Bokosi limodzi likhoza kuzungulira mabanja angapo, monga timachitira ndi mabuku a gulu lathu. Chachikulu n'kuwerenga timatailosi musanabweze, chifukwa kamodzi kakasowa mizinda ina sitsekanso. Amene ali ndi ana okonda kujambula atha kudula katoni wa golosale n'kupanga tawo, ndipo zitsekerero za mabotolo zimagwira ntchito ya tianthu. Pali mitundu inanso ya masewerawa, monga Gold Rush ya 2014 yomwe ili ndi migodi ya golide ndi njanji za ku America, koma tikulangiza kuyamba ndi yoyambirira ija.

Posewera musasandutse thebulo kalasi, ana athawa. Sewerani kaye, mukangane, museke. Pomaliza, musanaphwasule mapu omwe mwamanga, funsani funso limodzi lokha. Mwina lakuti, “Anthu a mumzinda uwu madzi akutunga kuti?” Kapena, “Munda uwu usanakhale wako udali wa yani?” Mwana akayankha, mufotokozereni za Ogasiti 1209, kapena za anyamata a Mokgatle, kapena za munda wa agogo ake kumudzi ndi mmene banja lidaupezera. Nkhani yomalizayi ambiri mwa ana athu obadwira kuno sadaimvepo, ndipo sadzaipeza m'buku lililonse la sukulu.

Pa msonkhano wathu wotsatira tidzabwera ndi bokosi kuti amene simunawaonepo muyese. Bwerani ndi ana, ndipo amayi asatsale.